Chivwende cha ku Santa Librada

Lolemba, 2 Disembala

Maere andikana. Kusukulu yathu ya udokotala anaika mayina athu m'chidebe, tonse a chaka chomaliza ochokera kunja, kuti aone amene akalowe m'mawodi a chipatala chachikulu mu Januwale. La mnzanga Jucimara latuluka koyambirira, mpaka wandilumphira m'khosi. Langa latsala pansi ngati mwala.

Ndinalunjika ku ofesi. Bambo wina wa tayi akuti amene watsala adzipezere yekha chipatala chaching'ono chokhala ndi dokotala wovomera kumuyang'anira, sukulu isanatsekere Khirisimasi. Apo ayi adikire chaka chinacho. Ndamuuza kuti bambo inu, chaka kwa inu ndi kalendala, kwa ine ndi imvi. Ndikukwanitsa zaka 40 ine. Mayeso a sekondale ndinadziwerengera ndekha buku lili pa makina osokera, Chisipanishi ndinachitola pa wailesi, Chigwarani kwa amayi a pamsika. Zonsezo ndekha, lero chidebe cha penti chindiuze kuti khala pansi? Iye wangoti "wotsatira".

Kunyumba ndamenyetsa chitseko. Ña Fidelina (Ña ndiye "mayi" wa kuno) ali pakhonde, osadzidzimuka n'komwe. Zaka zisanu ndikuchita lendi kwa iwo, anazolowera.

"Iwe Rapai, walowa ngati ng'ombe yothawa kudibi. Wamwalira ndani?"

Rapai. Ife a ku Brazil dzina lathu kuno ndi lomwelo, ngakhale udzakalambire pa Paraguay pompano.

Nditawafotokozera akuti pita ku Santa Librada, kuli mnzawo wa ubatizo, Ña Chencha, mzamba wamkulu. Koma usalembe mauthenga pa foni, ukangokhala nawo pa terere, tiyi wa madzi ozizira amene anthu kuno amamwa mopatsirana. Ndati ndikufuna malo ophunzirira, osati ludzu. Akuti "wamva kale".

Lachiwiri, 3 Disembala

Uthenga ndalemba ndithu, kwa dokotala wa kumeneko. Wabwino zedi, waulemu, ndinachotsamo mawu onse aukali. Zikuonetsa kuti wawerenga. Zii.

Ña F. ndawauza. Angoseka ndi mapewa.

Lachitatu, 4 Disembala

Ndapita! Ndipo ndabwera ndikuimba m'basi ngati woledzera.

Kachipatala kakang'ono, koyera, nkhuku zikuyenda pabwalo. Ndawapeza kuseri kwa wodi ya amayi, pansi pa mango, atazungulira. Dokotala Ozuna, wamfupi, wadazi, nsapato za pulasitiki. Anamwino awiri. Dalaivala wa ambulansi. Ndi Ña Chencha, wamtali, magalasi ali pa chingwe, nkhope ngati woweruza milandu. Ndapereka moni m'Chigwarani, andisunthira mpando.

Namwino wamng'ono ndiye amathira, poti pa terere amathira ndi wamng'ono. Madzi oyamba analowa m'masamba n'kuzimirira, dalaivala n'kuti Santo Tomás wamwa zake, poti kuno amati madzi oyamba amamwa ndi woyera mtima ameneyu. Kenako nyanga ya ng'ombe yomwera terereyo yayamba kuzungulira, aliyense kuyamwa pa kapaipi komweko n'kubweza kwa wothira. Ine nkhani ya malo ikundiyabwa pakamwa. Iwo nkhani ya mvula, ya mpira, ya nkhumba ya dalaivala imene inalowa m'tchalitchi. Ndinaluma lilime mpaka kumva mchere. Ña F. akanandiona akanandipatsa mendulo.

Mapeto ake dokotala yekha anayamba.

"Uthenga wanu ndinauona, mayi Gildete. Wautali ngati ulaliki wa Lachisanu Loyera."

"Nanga osayankha bwanji?"

"Munthu sindimudziwira pa foni. Komanso ine ndimangosayina. Wodi ndi ya mayi awa. Amene iwo amulola, ine ndamulola."

Ña Chencha anavala magalasi, n'kundigwira manja, kuwatembenuza ngati akugula nsomba.

"Manja awa si a mabuku."

"Ndi a singano, mayi. Madiresi a ukwati, kwathu ku Imperatriz."

"Nsalu sikuwa ukamaisoka."

"Ndiye kuti simunasokerepo mkwatibwi atavala."

Dalaivala anatsamwa ndi terere. Ña Chencha sanaseke, koma pakona pa mlomo panagwedera, ndinaona ndi maso angawa. Akuti ndibwerenso Lachisanu, ndidzaone wodi, ndipo adzaganiza.

Pobwera ndagulira Ña F. chipa wotentha, kabuledi ka chinangwa ndi tchizi, pa siteji. Akuti "nanga foni yako ija yakuyankha?" Mayi ameneyu!

Lachinayi, 5 Disembala

Tsiku lonse kusoka khungu la mwendo wa nkhumba patebulo la kukhitchini. Mfundo zikutuluka zokongola ngati za pa kolala. Ña F. akuti ndikamaliza kuichiritsa aiphike.

Ndaimbira amayi kwathu. Akuti diresi lodzavala tsiku langa lomaliza maphunziro asoka kale, likungodikira m'kabati. Ndawauza kuti asalipinde kwambiri.

Lachisanu, 6 Disembala

Ndaononga. Kapena sindinaononge. Ayi, ndaononga, koma sindinalakwe.

Zinayamba bwino. Ndinadzuka osadya, pa siteji ndinagula nyama yootcha ya pa kamtengo ndi chinangwa, yofunda chabe, koma njala inalibe maso. Ña Chencha anandiyendetsa wodi yonse, kundionetsa pogona amayi, pobadwira ana, ngakhale kabati imene chitseko chake chimafuna bondo. Anandilola kumvetsera mtima wa mwana m'mimba mwa mtsikana wina, Ninfa, wa mimba yoyamba, amene akudikirira masiku ake pompo chifukwa kwawo n'kutali. Kamtima kakuthamanga ngati kavalo. Ndinatsala pang'ono kulira.

Pakhomo la wodi ayamba kale kumanga khola la Khirisimasi, ndipo alimi akubweretsa mavwende oika pambali pa Mwana Yesu monga mwa chaka chilichonse. Limodzi linasweka potsitsa, analidula n'kuika pa mbale. Dzuwa lake lero, lowotcha ngati simbi. Ife tili pa terere pansi pa mango, Ninfa anali atayamwako kamodzi, kenako anapita n'kutola kachidutswa ka chivwende. Asanalume, apongozi ake anatulukira n'kumumenya dzanja, phaa! Chivwende m'dothi.

"Ukufuna kundiphera mdzukulu? Chivwende pa terere? Chikauma m'mimba ngati mwala!"

Mtsikana misozi mbwee, manyazi pamaso pa anthu onse.

Chikhulupiriro chimenechi ndachimva zaka zisanu ndipo ndakhala ndikungochiseka chamumtima. Koma dzanja lija. Mutu unangoti waa. Ndinaimirira, ndinati mayi, mwana uyu ali ndi ludzu, chivwende ndi madzi, terere ndi madzi, madzi awiri sanaphepo munthu. Ndinatenga chidutswa chachikulu pa mbale, kuchidya chonse mpaka ku khungu, madzi akuyenderera m'zigongono. Ndiye nyanga inali itafika pa ine. Ndinaiyamwa mpaka kulira kwa pansi. N'kupemphanso ina.

Maso onse pa ine. Ngakhale nkhuku.

Namwino wamng'ono anachita chizindikiro cha mtanda. Dokotala ankayang'ana nsapato zake. Ña Chencha anatenga nyanga m'manja mwanga, kukhuthula masamba pansi, n'kuti terere watha. Za malo osatchula.

Ña F. nditawauza akhala pansi pa sitepe. Akuti "mwana wanga, unapita kukapempha moto, n'kukodzera pa chitofu". Kenako akundiyang'ana pamimba ngati pali bomba.

Ndili bwinobwino. Ndalemba izi kuti zidziwike. NDILI BWINOBWINO.

Loweruka, 7 Disembala

Sindili bwino.

Lamulungu, 8 Disembala

Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, lamanja lili ndi dilipi. Ndili pa bedi. Ku Santa Librada. M'wodi ya amayi, poti mabedi ena ngodzaza. Mulungu ali ndi nthabwala.

Dzulo kunangocha ndi kutsegula m'mimba ndi kusanza, mpaka miyendo kukana. Ña F. analira maliro anga onse ndili moyo, kenako anaitana mlamu wawo wa lole ya njerwa. Ndinati ndipititseni kuchipatala chachikulu. Akuti kumeneko ukagona pa benchi mpaka Khirisimasi, kwa Chencha bedi lilipo, ndiponso amene anakuona ukudya ndi amene akudziwa chochotsa. Mphamvu zokangana ndinalibe. Aka n'koyamba.

Dilipi anandiika ndi Ña Chencha mwini. Kamodzi kokha, osaphonya mtsempha. Anangoti "takulandirani, a dokotala".

Lero ndi tsiku la Amayi Maria a ku Caacupé, theka la antchito lapita ku ulendo wa mapemphero, Misa ikulira pa TV ya pakhonde. Koma anthu sakuonera Misa. Akuonera ine. Mbiri yafika mpaka kumidzi kuti Rapai anadya chivwende pa terere ndipo akupumabe. Akumasuzumira pawindo mosinthana. Gogo wina wandibweretsera mazira. Dalaivala wabwera ndi chipewa pamtima, akuti amafuna kudziwa kuti ndingakonde nyimbo yanji pa ulendo womaliza. Ndamuponyera pilo. Ndaseka mpaka dilipi kugwedera.

Ndauza aliyense kuti ndi nyama ya pa siteji. Aliyense akugwedeza mutu mwachifundo, ngati mmene timachitira ndi odwala amene akuti samwa mowa.

Masana Ninfa matenda anamuyamba. Bedi lake ndi loyandikana ndi langa. Ña Chencha anali yekha ndi namwino mmodzi, ndiye anandiyang'ana n'kuti "pakamwa pako pamagwira ntchito ngakhale ukudwala, kamuyankhule". Ndinakoka chitsulo cha dilipi mpaka pamutu pa bedi. Ndinamugwira dzanja, kumuwerengera mpweya, kumusimbira za akwatibwi anga onse, uja anakomoka, uja anang'amba diresi povina. Pakati pa ululu ankaseka.

Apongozi aja anaika chithunzi cha Amayi Maria pansi pa pilo. Ña Chencha anachikonza kuti chisagwe. Kenako apongoziwo anatulutsa kabotolo ka madzi a zitsamba, akuti ofulumizitsa mwana. Ndinamva mutu ukuyamba kutentha, pakamwa patseguka kale. Ña Chencha anangotambasula dzanja.

"Amayi, ichi ayi. M'wodi mwanga ayi."

Ndipo mayi uja anapereka! Mwaulemu, ngati mwana wa sukulu. Mayi yemwe uja wa phaa. Ine ndinatseka pakamwa panga pang'onopang'ono kuti wina asaone kuti panatseguka.

Mwana wamkazi, wabadwa dzuwa lisanalowe, mawu ngati a ine. Ninfa akuti amutche Gildete. Apongozi akuti atafa. Amutcha María.

Lolemba, 9 Disembala

Anditulutsa. Miyendo ngati ya mwana wa ng'ombe, koma mtima mbee.

Dokotala Ozuna pondilembera mankhwala anatseka chitseko, kuyang'ana pawindo, n'kunong'ona:

"Ndi nyama ija, n'zoona. Ine chivwende ndimadya pa terere chaka chilichonse. M'galimoto, mawindo otseka. Mukanena ndikakana."

Ndinati ndiye mukanene zimenezo panja! Akuti ali ndi mkazi, apongozi ndi mzamba wamkulu, ndipo akufuna kufika pa penshoni.

Ña Chencha ndinawapeza akupinda nsalu. Sanatembenuke.

"Tandiuza tsopano, mwana iwe. Chinakudwalitsa n'chiyani?"

Ndinadziwa yankho limene likufunika. Linali pafupi, lotchipa, mawu amodzi. Malo anga onse anali m'mawu amenewo, ndi diresi la amayi m'kabati. Ña F. anali kumbuyo kwanga akunditsina m'chiuno.

"Nyama ya pa siteji, mayi."

"Ngakhale pano?"

"Ngakhale pa manda. Koma pamaso pa odwala anu sindinayenera kuchita masewero aja. Pamenepo ndinalakwa, ndavomera. Koma pa za chivwende sindisintha."

Anapinda nsalu ina, ndi ina. N'kuti "uli ndi mutu ngati chitsa. Pita ukamwe madzi ambiri."

Basi. Tinabwerera kunyumba ndi Ña F. pa lole ya njerwa. Pofika akuti bodza limodzi laling'ono, Mulungu akanaliona ngati katemera.

Lachiwiri, 10 Disembala

Phala ndi tiyi. Foni zii. Jucimara anabwera ndi maluwa, akuti mwina chaka chamawa n'chabwinonso, ndipumeko. Ndimamukonda, koma ndinamuuza kuti atenge maluwa ake akapume nawo iyeyo.

Ndayamba kufunsa za zipatala zina. Konse akuti malo anatha kale.

Lachitatu, 11 Disembala

Eee! Eee!

Foni inalira, koma ya Ña F., osati yanga. Ndinamva ali kukhitchini akungoti "inde mnzanga, inde, chitsa chenicheni, inde". Kenako anabwera pakhomo la chipinda changa, manja m'chiuno, nkhope ya maliro. Mayi ameneyu akanakhala wa zisudzo.

"Akuti chaka chatha anali ndi wophunzira wina waulemu, wovomera chilichonse. Tsiku lina Chencha ananena dala zolakwika kuti amuone, iye n'kuti inde mayi. Akuti ameneyo ankamuopa kuposa matenda. Akuti iwe ndiwe wamwano, wosamva, ndipo chinakudwalitsa ndi chivwende basi. Koma ukanena kuti wayeza magazi a munthu, iye adzagona tulo podziwa kuti wayezadi."

"Ndiye?"

"Ndiye upite Lachisanu ndi pepala la kusukulu, dokotala akasayine. Uyamba Januwale. Koma akuti ukafuna kukangana naye, muzikangana kuchipinda cha mankhwala, chitseko chotseka, osati pamaso pa amayi ake."

Ndinawanyamula Ña F. m'mwamba! Ine wodwala dzana. Akukuwa kuti nditsitse iwe Rapai, undithyola nthiti. Tavina m'khitchini, wailesi mpaka kumapeto, galu wa a neba akuuwa.

Amayi kwathu alira pa foni. Akuti diresi alitulutsa kuti lipitidwe mphepo.

Lachinayi, 12 Disembala

Ku ofesi kukatenga pepala. Bambo wa tayi akuti mwapeza bwanji, poti ku Santa Librada sayankha mauthenga? Ndati ndinagonako.

Lachisanu, 13 Disembala

Dokotala wasayina atatsamiritsa pepala pa bondo, pansi pa mango. Chidindo chinali m'thumba la dalaivala, sindikudziwa chifukwa chake ndipo sindinafunse.

Tisanayambe terere kunabwera ngolo. Mwamuna wa Ninfa, mnyamata wamanyazi, chipewa m'manja. Watsitsa chivwende chachikulu ngati mwana wa chaka chimodzi, n'kuchiika pamiyendo panga. Akuti n'cha a dokotala amene sanafe.

Namwino wamng'ono wagwira kale fulasiki ya madzi ozizira, nyanga yadzaza masamba. Dalaivala akutulutsa mpeni wake pang'onopang'ono, n'kuuika pa mpando pafupi nane, maso ali kumwamba ngati si iye. Apongozi a Ninfa ali pawindo la wodi ndi kamwana. Ña Chencha avala magalasi.

Kunena zoona, ndinachilakalaka. Chinali chozizira, cholira bwino ukachigogoda.

Ndinachinyamula, kudutsa pabwalo, mpaka pa khola la Khirisimasi. Ndinasuntha ng'ombe ya dongo n'kuchikhazika pambali pa Mwana Yesu. Ndinati uyu sanamwe terere, adye ndi iyeyu.

Kuseka kwake! Mpaka apongozi aja pawindo. Dokotala podutsa pafupi nane anayankhulira m'mano kuti chikadzachoka pa kholapo ndimusungireko chigawo, galimoto ali nayo.

Nditabwerera pa mpando, Ña Chencha analanda fulasiki kwa namwino wamng'ono n'kundiika m'manja, pamodzi ndi nyanga.

"Wamng'ono pano tsopano ndiwe, ngakhale uli ndi imvi. Thira."

Ndinathira. Madzi oyamba analowa m'masamba n'kuzimirira. Maso onse pa ine, kudikira kuti ndinena kuti masamba ouma amamwa madzi, si nkhani ya oyera mtima.

"Santo Tomás wamwa zake," ndinatero.

Ndinathiranso, n'kupereka kwa Ña Chencha.